Mtondo Wopanda Kanthu wa Ndaziona

Kalekale, makolo a makolo athu akadali tiana, kunagwa njala. Mvula inabwera kamodzi n'kupita osatsanzika. Anthu anadya gaga, gaga anatha. Anadya zitsa za nthochi, nazonso zinatha.

M'mudzi wina munali mayi wina, dzina lake Ndaziona. Mwamuna wake anapita kukasuma kutali, osabwerako. Anatsala ndi kamwana kamodzi kakakazi, Tiyanjane. Kamwanako kanali kataonda, miyendo ngati mapesi.

Pafupi pomwepo pankakhala mlongo wake wa Ndaziona, Dzimbiri, ndi mkazi wake Nagama. Iwowa anali ndi nkhokwe ya chimanga chogonera, yodzaza mpaka pakamwa. Nkhuku zawo zinkadya bwino kuposa ana a anthu.

Tsiku lina Ndaziona anapitako ndi kalichero.

"Mlamu, ndigawireniko ngakhale kagaga. Mwana wagona ndi njala."

"Ife tikulima, inu munali kuti?" anatero Nagama, n'kutseka chitseko.

Mwano wake! Ndaziona analima ngati wina aliyense, kungoti munda wake unali pamchenga. Koma m'mawa mwake nkhani inali itafika kale kuchitsime, akazi akuseka chikhakhali. Ndaziona anachita manyazi. Analumbira kuti sadzapemphanso.

Mwana analira. Analira m'mawa, analira masana. Ndaziona maganizo anamuchulukira, mutu unkangozungulira. Posowa chochita, anatenga munsi, naimirira pamtondo wopanda kanthu, n'kuyamba kusinja.

Kho! Kho! Kho!

Tiyanjane anatonthola. "Amayi akusinja, tidya," anatero, n'kugona. Nayenso Ndaziona anaona kuti akamasinja mtima ukutsikako pang'ono. Ndiye tsiku ndi tsiku ankasinja, uku akuimba:

Gona, Tiyanjane, gona,
amako akusinja.
Ukadzuka usafunse,
amako akusinja.

Tsono mverani. Mtondo wa chimanga umalira di! di! di! Mtondo wopanda kanthu umalira kho! kho! kho! Alipo mkazi wosadziwa zimenezi? Alipo mwamuna woleredwa ndi mayi amene sadziwa zimenezi? Palibe!

Koma Dzimbiri akakhala pa chakudya ankafunsa, "Kodi aNagama, kwa mlongo wanga kuli bwanji?"

"Simukumva? Akusinja. Wosinja ali nacho."

"Zoona, akusinja," ankatero Dzimbiri, n'kusamba m'manja.

Oyandikana nawonso chimodzimodzi. Akamadutsa ankafulumiza mwendo, n'kumauzana, "Kwa Ndaziona zili bwino, akusinja." Apa mpamene pamandipsetsa mtima ine. Mudzi wonse wa anthu amakutu awiriawiri unagwirizana zogontha.

Nagama anali ndi thadzi lamawanga. Thadzi litamva mtondo linathamangirako, monga zichitira nkhuku. Linapalasa uku, linapalasa uku, osapeza n'kambewu komwe.

"Mayi, mukusinja chiyani chosagwa pansi?" linafunsa.

"Ndikusinja maganizo, Thadzi. Ndikaleka mwana alira. Akalira, mutu wanga usweka."

Thadzi linadumphira pakamwa pa mtondo n'kusuzumira. Munalibe kanthu. Linathamangira kwawo.

"Abambo, mumtondo mwa mlongo wanu mulibe kanthu. Mwana uja akufa."

Nagama analigenda ndi chitsononkho. "Nkhuku yamwano iwe! Ulankhulenso, ugona mumphika!" Dzimbiri anangoyang'ana kumbali, ngati nkhaniyo ndi ya kumudzi wina.

M'mawa mwake Ndaziona atamaliza kusinja, Thadzi linabwera, linalowa mumtondo, n'kuikira dzira.

"Ayi, Thadzi," anatero Ndaziona. "Dzira ili lili ndi eni ake."

"Waikira ndani? Mwini wake ndine. Kaphikireni mwana."

Akuluakulu ankaletsa mwana kudya dzira, koma Ndaziona anayang'ana nthiti za mwana wake, n'kukoleza moto. Tsiku lotsatira, dzira lina. Lotsatiralo, linanso. Tiyanjane anayamba kukhala tsonga.

Nagama, amene sankamva kulira kwa mwana, anaona msanga kuti m'chisa mulibe mazira. Anazemberera Thadzi mpaka kwa Ndaziona. Atalipeza likutuluka mumtondo, anakuwa.

"Wakuba! Wakuba kuno!"

Anthu anakhamukira pomwepo. Onani zimenezo! Mwana akulira ndi njala panalibe ndi mmodzi yemwe wobwera, koma atamva za wakuba anathamanga mpaka ena nsalu kugwa.

Nagama anatola dzira lija n'kulikweza m'mwamba. "Onani! Dzira langa mumtondo mwake! Ndinkadziwa ine. Mtondo uwu wakhala ukulira kho, kho, chiyambire njala, mulibemo kanthu. Tonse tinkaumva! Kani ankakonzera chisa nkhuku yanga!"



Thadzi linapendeketsa mutu. "Kani munkamva?" Kenaka linayang'ana anthu aja mmodzimmodzi. "Nanunso munkamva? Inu abambo, munkamva?"

Mitu yonse inali pansi. Nagama anagwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

Mayi wina, amene nayenso analibe zambiri, anachoka mwakachetechete. Anabwerako ndi kachimanga ka m'manja, n'kuthira mumtondo muja. Wina anabwera ndi mapira, wina ndi kachinangwa kouma. Kani tinthu tinalipo m'mudzimo! Pang'ono pang'ono mtondo unadzaza.

Dzimbiri anabwera pambuyo pa onse, atasenza dengu.

"Mlongo wanga, sindinkadziwa."

"Achimwene, tulani dengulo, mwana adye," anatero Ndaziona. "Koma zoti simunkadziwazo nyamulani mubwerere nazo. Inu ndi ine tinakulira pamtondo umodzi wa amayi."

Atatero anatenga munsi. Anayamba kusinja.

Di! Di! Di!

Tiyanjane anadzidzimuka pamphasa, n'kukwawira pamiyendo ya amake.

"Amayi, lekani! Mtondo wawonongeka. Sukulira ngati masiku onse."

Mwana anali ataiwala kulira kwa mtondo wa chimanga. Dzimbiri atamva mawu amenewo anakhala pansi pafumbi n'kulira ngati mwana. Palibe amene anamutonthoza.

Tiyanjane anachira, anakula. Koma anachira chifukwa cha nkhuku, malume ake ali pomwepo ndi nkhokwe yodzaza. Zamanyazi!

N'chifukwa chake mpaka lero nkhuku ikamva mtondo siimvera patali. Imathamanga, n'kukasuzumira ngati mulidi kanthu. Nanunso nthawi zikavuta, mbale wanu akamaseka n'kumati "tili bwino," musathamangire kusamba m'manja. Ovutika ambiri sapempha, amangosinja kuti mtima ukhale pansi. Pitani mukasuzumire, ndipo musapite chimanjamanja.

Nthano yanga yathera pamtondo pomwepo.