Tilembepo Yohane Ndani?

Kalekale, kumunsi kwa phiri la Mulanje, kunamwalira bambo wina wothyola tiyi, dzina lake Yohane. Patapita chaka, mwana wake woyamba, Felesiya, anaitana mmisiri kuti amange chiliza. Felesiyayo sanagwetse msozi pamaliro, ndipo chaka chonsecho mtima wake unali utachita dzanzi. Mmisiri atasalaza simenti, anatola msomali n'kufunsa, "Mayi, tilembepo Yohane ndani?"

Kafunso kakang'ono, koma kanadzutsa anthu atatu amene anakhala pambali pa mandawo.

Woyamba anali mng'ono wa malemu, wochokera kutsidya kwa mtsinje wa Ruo. "Achimwene anabadwa a Namakhwa, dzina la bambo athu," iye anatero. "Atathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, wokwapulidwa m'malo mwawo ndinali ine, koma sindinaulule kumene analowera. Makolo kumandako sadziwa dzina lina. Mukalemba lachilendo, awalandira ndani?"

Wachiwiri anali a Chikopa, nkhalamba ya m'mudzimo, yoyendera ndodo. "Mnyamatayu anafika pakhomo panga ndi kabudula yekha. Atabwera osaka anthu othawa, ndinaima pakhonde n'kunena kuti uyu ndi mwana wanga, Yohane Chikopa. Pakanapanda dzina langa, akanamubweza ali m'zingwe. Ngakhale dothi wagonamoli ndi la kwathu."

Wachitatu anali mayi ake a Felesiya, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. "Tsiku lolembedwa ntchito ku esiteti, kalaliki sanafunse za Namakhwa kapena Chikopa. Anangoona fosholo paphewa, n'kulemba Yohane Fosholo. Lachipongwe, inde. Koma ndi limene ankavomera zaka makumi anayi, ndi limene tinamangira ukwati kutchalitchi, ndi limene ana anga onse amaitanidwa nalo. Mukalisiya, adzukulu adzawapeza bwanji manda a agogo awo?"

Malemuwo nawonso anali munthu wovuta mwaulemu. Aliyense akawaitana ndi dzina limene wakonda, iwo ankangoti "Wawa," osakonza, osasankha. Anapita nalo yankho kumanda, mlandu n'kusiyira amoyo.

"Malo alipowa ndi a dzina limodzi," anatero mmisiri, "ndipo simenti sidikira mlandu."

Onse anatembenukira kwa Felesiya, poti chilizacho anamangitsa ndi iye. Anayang'ana bambo ake aang'ono, anayang'ana a Chikopa, anayang'ana mayi ake, koma mumtima munalibe mkwiyo, munalibe chisoni, munangoti zii. Anadziwa kuti akatchula limodzi, awiri achoka pamandapo atalandidwa m'bale. Ndipo iye mwini, chibadwire, sanawaitanepo bambowo ndi dzina lililonse mwa atatuwo. Ankangoti "Ababa."

Mutu umodzi susenza denga, abale anga, ndiye tamuthandizani mayiyu. Pachilizapo palembedwe liti: dzina limene Yohane anabadwa nalo, limene linamupulumutsa, kapena lachipongwe lija limene analerera ana ake?