Madayodi M'mimba mwa Phin ya Thongsuk

Pa tebulo la Mayi Lamduan, wokonza mawailesi kuseri kwa msika, panagona phin ya mlamu wawo Thongsuk, mimba ili yasa. Gitala ya nsambo zitatu imeneyi Thongsuk anali atayiimba zaka makumi atatu, koma ulendo uno mtima unali m'mwamba. Mwana wake mmodzi yekhayo, Wirat, ankalowa umonke wa Chibuda Loweruka, ndipo anapempha chinthu chimodzi basi: pomuzungulitsa kachisi katatu, amve phin ya bambo ake ikumutsogolera.

Thongsuk ankafuna kuti phin ikhale ndi kulira kosasa, kokanda pamtima, koma kopanda batire loti n'kuthera panjira. Lamduan anawotchereramo timadayodi tiwiri, tizipangizo ting'onoting'ono ta m'wailesi, kena kuyang'ana uku kena uko, toti tizimeta nsonga za mawu. Thongsuk atakhudza nsambo, phin inabangula mokoma mpaka mayi wosinja papaya panja anaimitsa munsi.

"Basi alamu, titseke," anatero Lamduan.

"Tiwiri tokha tachita zimenezi? Nanga tinayi?"

"Timeneti si ampulifaya, alamu. Sitiwonjezera kanthu, timangodya. Kukoma mukumvaku mwasinthanitsa ndi mphamvu ya mawu."

Koma Thongsuk akati watsimikiza, ngakhale njati yolimira imayamba ndiyo kugonja. Lachiwiri anabwera ndi madayodi akale ochokera m'wailesi yakufa, akuti amalira mofewa. Lachitatu anatulukira ndi kathiransifoma kongati chala, koti mawu akadzazamo azituluka onenepa. Lachinayi anafuna kapasita yochotsa kuthwa. Chilichonse chinkakomadi, poti m'kashopu kaziii ngakhale udzudzu umamveka ngati katswiri.

"Tiyikeko kaswichi kolambalala zonsezi," anachonderera Lamduan. "Zikavuta mudzangodina."

"Swichi ndi ya anthu okayika."

"Ndiye kayeseni pabwalo, anyamata a ng'oma alipo."

"Kuti mudzi wonse umve tsiku lisanafike? Inu alamu, ntchito yanu ndi mawaya. Za nyimbo tisiyireni eni ake."

Lamduan anangopukusa mutu n'kuzimitsa chowotcherera. Thongsuk anamata chivundikiro cha phin ndi guluu wa matabwa, nati asapezeke wosuzumiramo n'kumubera nzeru.

Loweruka dzuwa linatuluka ndi ukali. Wirat, mutu wometa uli mbee, atavala zoyera, anakhala pagalimoto kumbuyo kwa gulu, ambulera ili pamwamba. Pakati panadzaza azakhali ovina, ndipo kutsogolo kunali Thongsuk ndi ngolo ya masipika. Anayamba yekha, ndipo amene anali pafupi anakuwa ndi chimwemwe. Kenaka ng'oma zazitali zisanu ndi zitatu zinalowa, ndi zinganga zake, phin n'kumira ngati mwala m'dziwe.

Anapotokola ampulifaya mpaka kumapeto. Chimene chinatuluka ndi mng'ung'uzo ndi kulira kwa nkhumba yophedwa, mpaka agogo ena anatseka makutu.

"Tsitsani, a Thongsuk! Mukufuna tilowe m'kachisi tili ogontha?"

Anatsitsa. Anayesa kutong'ola chivundikiro ndi kiyi, koma guluu uja anagwira ntchito yake mokhulupirika. Lamduan, amene ankayenda pambali atanyamula mtanga wa mpunga womata, anayang'ana kumbali chifukwa cha chisoni.

Kusiya sanasiye. Anakukuta mano n'kuyimba ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu, akukanda nsambo ndi mphamvu zonse ngati kuti zala zingabweze zimene madayodi anadya. Thukuta linanyowetsa malaya, khungu la zala linasupuka. Ovina anali atatembenukira kale kwa a ng'oma.

Pamakwerero a kachisi Wirat anagwada kutsanzika makolo ake. Atawerama katatu anadzutsa nkhope, nalankhula motsitsa mawu.

"Bambo, anthu ananditchinga, sindimakuonani. Koma ndinatchera khutu maulendo onse atatu. Mwadwala kodi? Bwanji simunandiyimbire?"

Thongsuk anabisa zala zake zamagazi kumbuyo. Mwana analowa, ndipo ulendo wotere sabwereza. Bamboyo anatsala panja atakumbatira phin yolira bwino kuposa zonse m'chigawo chonsecho, imene sinafike m'khutu limodzi lokha lomwe anaikonzera. Ankanena akuluakulu: ichi chakoma, icho chakoma, pusi anagwa chagada.