Eyakoni ya Galimoto ya Maliro

Ku Lilongwe kunali munthu wina dzina lake Nasoni Chimphamba, ndipo ndiye anamupha Lufeyo ali moyo. Nasoni anali ndi galimoto yonyamula maliro. Lufeyo ndiye ankayiyendetsa.

Galimotoyo inkatchuka ndi chinthu chimodzi, eyakoni, makina oziziritsa m'kati. Nasoni ankauza anamfedwa kuti, "Yangayi ndi firiji. Musavutike n'kubayitsa mtembo mankhwala, ukafika ngati munthu wangogona." Osauka ankamumvera, poti kubayitsa n'kodula.

Mwezi wa Okutobala eyakoni ija inasiya kuzizira. Kulira inkalira ndithu, koma mpweya wake unali ngati wa m'kamwa mwa munthu. Lufeyo anapita nayo ku Biwi kwa makaniko wina wachikulire. Mkuluyo anatsegula boneti. Anaona fyuzi, inali bwino. Anakoka lamba, anali wolimba. Anatchera khutu ku kompuresa, inkangogwira n'kusiya, kugwira n'kusiya. Kenako anasungunula sopo m'chitini n'kupaka thovu m'mapaipi monse. Pa paipi ina ya kutsogolo thovu linayamba kufufuma ngati pakamwa pa nkhanu.

"Mwaona, achimwene? Gasi akuthawira apa. Paipi yadyeka iyi, pakufunika ina."

Lufeyo anaimbira Nasoni.

"Bwana, akuti paipi yabooka."

"Amakaniko onse ndi akuba. Auze athire gasi basi. Mawa tili ndi ulendo wa ku Nsanje."

"Akuti gasiyo sakafika."

"Iwe, galimotoyi ndi yako? Unaigula ndi Sitandade Faifi yakoyo?"

Makaniko anamanga pobooka paja ndi mphira ya chubu, nathira gasi. Eyakoni inazizira mpaka kuwawa m'mano. "Ine ndanena," anatero mkuluyo akupukuta m'manja.

M'mawa mwake Lufeyo anakatenga mtembo wa bambo wina wa ku Nsanje amene anamwalira ali kuntchito m'tauni. Pakhomo la mochale malume a malemuyo anamukokera Lufeyo pambali.

"Adalaivala, tiuzeni zoona. Tisabayitse? Abwana anu akuti m'menemu mumazizira."

Lufeyo anayang'ana pansi. Anaganiza za ana ake. Anaganiza za anthu ambirimbiri okhala ndi malaisensi amene amangozungulira m'tauni opanda chiwongolero.

"Mumazizira, bambo," anatero.

Ku Dedza munkazizira. Ku Ntcheu munayamba kufunda. Pofika ku Zalewa gasi yense anali atathawa. Lufeyo anapotokola batani mpaka kumapeto, anamenya ndi chikhato, koma ayi. Atatsika mapiri a ku Chikwawa dzuwa linawapeza lili pamutu. Azimayi amene ankaimba nyimbo kumbuyo pafupi ndi bokosi analeka kuimba. Wina anatsegula zenera. Wina anaphimba mphuno ndi chitenje, misozi ya manyazi ili mbwembwembwe, poti anali mlongo wake wa malemuyo.

Kumudzi mayi wa malemu ankadikira kuti aone nkhope ya mwana wake, amene anachoka kalekale. Akuluakulu anasuzumira m'bokosi, nalikhomanso msangamsanga. Mayiyo anagwada padothi. Anapempha kuti amuonetse ngakhale chipumi chokha. Anamukaniza. Maliro anaikidwa tsiku lomwelo, mopanda ulemu, anthu ataima patali.

Malume aja anaimbira Nasoni, nakweza foni kuti onse amve.

"Pepani kwambiri, akuluakulu," anatero Nasoni ndi mawu achisoni. "Dalaivala ameneyo amazimitsa eyakoni panjira kuti azigulitsa mafuta. Ndamuchotsa ntchito lero lomwe."

Anyamata a pamaliro anamugwira Lufeyo. Anamumenya mpaka mano awiri kuguluka. Iye sanakweze ndi dzanja lomwe. Akanati chiyani? Kuti sankadziwa?

Sabata yomweyo Nasoni anagula paipi yatsopano, nalemba dalaivala wina. Galimoto ikuyendabe, ndipo ikuziziradi. Lufeyo amakankha wilibala mumsika. Nkhani yake inafika m'magalaja monse: uja anawoletsa mtembo chifukwa cha mafuta. Palibe angamupatse ngakhale njinga.

Inu amene mukumva, chinthu chikasiya kuzizira musathamangire kuthira gasi. Funani pamene pabooka. Mukapaona, nenani kwa mwini maliro, osati kwa mwini galimoto yekha. Mukuopa kuti ntchito itha? Itha basi, munene kapena musanene. Kusiyana kwake n'kwakuti mukanama, bodza limatuluka m'kamwa mwanu, ndipo wokutumaniyo amatsala woyera.

Nasoni ali ndi ngongole ya mawu amodzi okha, ovomera kuti anauzidwa za paipi yobooka ija. Mayi wa malemu uja anamwalira chaka chatha osawamva. Lufeyo sanawamvebe. Nasoni sanalipire.