Mbuzi ya Nasibeko m'Nyumba ya Kanema

Pa msika wina wa m'mbali mwa msewu panali munthu wina amene anali ndi nyumba yoonetseramo kanema. Loweruka ankaikira ana makatuni, iye n'kumamasulira m'Chichewa pa chimkuzamawu. M'kamwa mwake munali mokoma zedi. Kamba wa m'katuni akakodwa m'pulasitiki, munthuyu ankamulankhulira ndi mawu onjenjemera: "Anthu inu, ndakulakwirani chiyani?" Ana ankalira, makolo n'kumati pamsika pano tapeza mphunzitsi.

Komatu mphunzitsi yemweyo ankagulitsa mafilizi ndi tchipisi cha m'majumbo pakhomo. Ana akabalalika, ankasesa majumbo onse n'kukawakhuthulira kuseri kwa mpanda, ngati kuti kumeneko ndi kumathero kwa dziko.

Kuseriko kunkakhala mayi wina wamasiye, Nasibeko. Chiweto chake chinali mbuzi imodzi yokha, ya bere, ndipo ankayembekeza kuti khola lake liyambira pamenepo. Ataona mbuziyo ikutafuna majumbo chifukwa cha mchere ndi mafuta otsaliramo, anapita kukadandaula.

"Mayi, ine ndimataya pamalo panga," anatero mwini kanema. "Mphepo si yanga ayi. Mangirirani mbuzi yanu."

Nasibeko anaimangirira, koma mphepo inkawatula majumbowo pachikhomo pomwepo. Ankatola m'mawa, masana n'kupeza ena. Mbuzi inayamba kuwonda, mimba yokha n'kuuma gwa. Kenako inagona pansi, osadzukanso. Inafa ndi ana ake m'mimba.

Poisenda, anang'amba chifu n'kupezamo chimtolo cha majumbo opotana, udzu wopanda ndi polowera pomwe. Nasibeko mtima unamuwawa, ndipo mkwiyo wake sanaubise. Anaika chifucho m'beseni, n'kusenza, n'kukalowa m'nyumba ya kanema katuni ili mkati. Anatula beseni lija patsogolo pa ana, fungo n'kudzaza chipinda chonse.

"Bambo, inu mumamva chilankhulo cha nyama," anatero. "Timasulireni iyinso. Ikuti chiyani?"

Munthu uja anasuzumira m'beseni. Chimkuzamawu chinali pakamwa pomwe, ana onse maso ali pa iye kudikira. Kenako anangochitsitsa pang'onopang'ono.

Inu amene mukundimvera, musaseke munthu ameneyu msanga. Kulirira kamba wojambulidwa n'kosavuta, poti safa, ndiponso mwini wake sadzabwera pakhomo panu ndi beseni. Chimene chimandinyansa ine n'chakuti timaphunzitsa ana chifundo ndi pakamwa, manja athu akuwaphunzitsa zina, ndipo ana amaona zonse ziwiri. Zinyalala zikachoka pamaso panu sizinathe ayi, zangosamukira kwa munthu amene alibe mphamvu zokuletsani. Musanauze mwana kuti asamale dziko, zungulirani kuseri kwa mpanda wanu, mukaone chimene mbuzi ya mnansi wanu ikutafuna lero.