Chitengwa Chimodzi, Akamwini Atatu

Kalekale, msewu usanadule m'mapiri, galimoto ili chinthu chongomva m'nkhani, kudali mayi wina wamasiye dzina lake Nangondo. Mayiyu adali ndi ana aakazi atatu, onse okwatiwa, ndipo amuna awo adali pachikamwini pomwepo. Mayina awo adali Ponsiano, Damiano ndi Kasiyano. Onse atatu ankalota chinthu chimodzi, chitengwa, kuti atenge mkazi ndi ana akamange kwawo, kumene mwamuna amatsokomola mokweza osayamba wayang'ana uku ndi uku. Koma Nangondo adaneneratu kuti adzalola mmodzi yekha, poti iye sangatsale yekha pabwinja ngati kadzidzi.

Ponsiano ndiye adayamba kufika pamudzipo. Adafolera nyumba ya apongozi, adazula zitsa m'munda mwawo, mpaka imvi zidayamba kutuluka ali pachikamwini. Kenaka kudabwera Kasiyano, wadzulodzulo, wa mano oyera ndi mawu okoma m'kwaya, ndipo kambale ka ndiwo kochokera kwa apongozi kadayamba kulowera kukhomo kwake. Ponsiano nsanje idamugwira, nsanje yeniyeni yosowetsa tulo. Kasiyano akaseka, iye ankangoti akuseka ine.

Chaka china Nangondo adati akufuna kukwaniritsa chowinda chake. Mwana wake wotsiriza atavutika pobereka, iye adalonjeza Amayi Maria kuti mwanayo akapulumuka adzayenda wapansi mpaka ku mishoni yakale ya kuseri kwa mapiri. Akhristu a dera lonselo ankayenda ulendo umenewu mwezi wa kolona, mtanda patsogolo, amuna pambuyo pake, amayi kumapeto akuimba. Ana ake aakazi sakadatha kupita, wina ali ndi khanda, wina woyembekezera, wina wosunga mudzi, choncho akamwini ndiwo adamuperekeza. Tsiku lonyamuka Kasiyano adatumiza kwa apongozi nsapato zatsopano zoyendera, ndipo akuluakulu a mpingo adamupatsa iye yemweyo mtanda kuti anyamule. Ponsiano adamusenzetsa thumba la ufa ndi miphika.

Njirayo idali yakale kuposa mpingo. Inkadutsa pansi pa mitengo ikuluikulu ya mango imene amati idabzalidwa ndi ogula akapolo, inkakwera phiri limene makolo ankabisalamo nkhondo, inkatsikira pa manda a ansembe oyamba, omwe malungo adawamaliza asanadziwe n'kupereka moni komwe. Pamalo aliwonse otere ulendo unkaima, anthu n'kugwada, n'kupemphera. Ponsiano ankagwada nawo, milomo ikuyenda, koma diso lili pa Kasiyano. Mapemphero otero kumene ankakagwera akudziwa ndi Mulungu yekha.

Tsono mwambo wathu mukuudziwa. Mkamwini sayang'ana apongozi aakazi kumaso, sawakhudza, sadya nawo, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ndiye nsapato zija zitayamba kumudya mapazi, Nangondo sadauze munthu. Akadadandaula, mawu akadafika kwa mkamwini wogula, n'kukhala ngati akunyoza mphatso. Adangoyamba kutsalira pang'onopang'ono, ndipo atafika pa makoma ogumuka a boma lakale, adapatuka mwakachetechete kuti akavule. Amayi anzake adali mkati mwa nyimbo, sadamuone.

Dzuwa lili paliwombo ulendo udaima kuti anthu apume. Kasiyano adatsamiritsa mtanda pamtengo n'kutsikira kukhwawa kukamwa madzi. Ponsiano adatula thumba, adayang'ana kwa amuna, Kasiyano palibe. Adaponya diso lakuba kwa amayi, chitenje cha apongozi palibe. Mumtima adati basi, apatukira kumbali ndi mkhalapakati, akumupatsa chitengwa mwana wadzulo, ine ndikusenza miphika. Sadauze aliyense. Adabwerera m'njira monyang'ama kuti akamve yekha ndi makutu ake.

Chimene adapeza kuseri kwa makoma aja sichidali chimene ankafuna. Nangondo adali gone pakati pa njerwa, nsapato zili pambali, mwendo watupa kale, mphiri ikukwawira m'udzu. Ponsiano adatembenuka msanga, adagwada atafulatira monga mwa ulemu.

"Apongozi, mwatani?"

"Njoka, bambo," adayankha Nangondo, mawu ali pansipansi.

Ponsiano sadamukhudze. Adakwera pakhoma n'kukuwa, kukuwa mpaka mawu adasasa, ndipo anthu onse adabwerera akuthamanga.

Damiano adali munthu wa thupi lalikulu ndi mawu ochepa, mkamwini uja amene pamudzi amamukumbukira pokhapokha pakakhala chipika chofunika kusuntha. Amayi adayesa kunyamula mnzawo koma patsogolo padali chitunda, adalephera. Amuna adangoima patali akukambirana za machira. Damiano adang'amba malaya ake, adamanga mwendo wa apongozi, n'kuwabereka kumsana ngati mwana. Amayi adagwira pakamwa. Iye adangoweramitsa mutu n'kuyamba kukwera, Nangondo akulira kumsana kwake, ndipo ambiri amati ankalira manyazi kuposa ululu.

Kasiyano atangomva kuti ndi mphiri, sadadikire kutumidwa. Adausiya mtanda pamtengo pomwepo, chinthu chimene akuluakulu adati chiyambire ulendowu sichidachitikepo, n'kudula m'tchire kulunjika ku mishoni. Minga idamung'amba, adagwa n'kudzuka, adafika mapazi ali magazi okhaokha. Adatenga sisitere wa kuchipatala ndi mankhwala ake, iye akukankha njinga ya sisitereyo pokwera, mpaka adakumana ndi Damiano potsika phiri. Sisitereyo atatha ntchito yake adanena poyera kuti mayiyu akadachedwa kupezeka, kapena kunyamulidwa, kapena kulandira mankhwala, bwenzi akukumba manda.

Nangondo adachira. Adalowa m'tchalitchi cha mishoni ndi ndodo, akutsimphina, n'kukwaniritsa chowinda chake. Atatuluka adakhala pansi atafulatira akamwini ake, n'kulankhula kwa mayi mnzake mokweza kuti iwo amve.

"Auzeni abambo awa kuti amene wandipulumutsa atenge mkazi wake apite kwawo. Mmodzi yekha, monga ndidanenera."

Ponsiano ndiye adayamba, poti adadikira nthawi yaitali. Adati pagulu lonselo, amuna ndi amayi omwe, palibe adaona kuti apongozi asowa koma iye yekha. Msana wa Damiano ukadanyamula yani, miyendo ya Kasiyano ikadathamangira yani, iye akadapanda kubwerera? Adaonjeza kuti anthu asaiwale mwini nsapato zimene zidawapatutsa apongozi m'njira.

Kasiyano adavomera kuti nsapato zidali zake, koma adati adagula ndi mtima wabwino, ndipo adalipira ndi mapazi ake komanso ndi ulemu wa mtanda umene akuluakulu adamulanda tsiku lomwelo. Kenaka adatembenukira kwa mnzakeyo mofatsa.

"Koma achimwene, tiuzeni. Munabwerera m'njira muja kukatani, osauza munthu?"

Ponsiano adali pakhomo pa tchalitchi, bodza lidakana kutuluka, ndipo zoona zidali zolemera kuposa thumba la ufa lija. Adayang'ana pansi, ndipo aliyense adamva yankho lake ngakhale sadalinene. Komabe mumtima mwake ankati, nanga mitima yawo yoyerayo idaona chiyani? Onse adali kudya chinangwa pamthunzi.

Damiano ena ndiwo adamulankhulira. Adati iye yekha ndiye adataya ulemu wake, ndipo kuyambira tsiku lija iye ndi apongozi sangakhalenso mudzi umodzi popanda manyazi, choncho wopita akhale iyeyo. Koma ena adati ngati akupita chifukwa cha manyazi, ndiye kuti akupirikitsidwa, sakulandira mphotho. Enanso adati mwambo ndi mwambo, woswa mwambo sapatsidwa mkazi kuti apite naye.

Anthu adatsutsana pabwalo la mishoni mpaka belu la mapemphero lidawalekanitsa. Adatsutsana njira yonse yobwerera, pa manda paja, pansi pa mango paja, ndipo adafika kumudzi mlandu usanagamulidwe. Ana aakazi atatu aja adawalandira, aliyense akuyang'ana nkhope ya mwamuna wake kuti adziwe ngati amange katundu.

Tsono mlanduwu ndautula pamaso panu, inu amene mwamva. Pali Damiano amene adanyamula koma adaswa mwambo. Pali Kasiyano amene adabweretsa mankhwala koma mphatso yake ndiyo idayambitsa tsoka. Ndipo pali Ponsiano, amene popanda iye mayiyo akadafera pakati pa njerwa, koma chidamubweza m'njira si chikondi, ndi nsanje. Kodi moyo wopulumutsidwa ndi diso la nsanje ndi wochepa kuposa wopulumutsidwa ndi msana kapena miyendo? Inu mukadakhala Nangondo, chitengwa mukadampatsa yani?