Ludzu la Matayala Anayi

Ndikaona magalimoto akuluakulu kuno ku Joni, ndimakumbukira pikapu yathu ya ku Luchenza ndi malemu mkazi wanga, Nangozo.

Bwana wanga, a Namakhwa, ankailanda Loweruka lililonse, n'kuthira mafuta ongokwanira ulendo wawo. Kukana kunali kutaya ntchito.

Loweruka lina, bwana asanaitenge, Nangozo anakankha mobisa kandodo kapambali pa giya kuti galimoto izikoka ndi matayala onse anayi. Ikatero imamwa mafuta ngati chidakwa.

Mafuta atatha, inakathima pamsika wa Bvumbwe, apongozi a bwana ali m'kati. Bwana anaikankha atavala suti, amayi ogulitsa tomato akuimba nthungululu.

"Galimoto yanuyi ndi mfiti!" anakalipa poibweza.

"Pepani bwana," anatero Nangozo atagwada. "Loweruka likubwerali tikukonzereninso?"

Sanabwerenso. Chonde, wina ailembe nkhaniyi ndisanamutsatire Nangozo.