Malikisi a Martina Zalimba

Kompyuta itafika pa sukulu ina ya mishoni kumapiri a Dedza mu 1991, a Eustace Zalimba, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, adaika kiyi wa chipinda cha makinawo m'thumba momwe ankasungamo khadi la chipani. Adalinso tcheyamani wa nthambi ya chipanicho, moti akatsokomola aphunzitsi ankayankha kuti zikomo. Koma yemwe ankawadziwa makinawo adali Falesi, mayi wotayipa makalata, amene adaphunzira yekha pulogalamu ya timabokosi powerenga buku lake tsamba ndi tsamba.

Lamulo la pasukulupo lidali lakuti ana khumi otsiriza pa mayeso a Fomu 1 azipita kwawo osabweranso. Chaka chimenecho a Zalimba adafuna kuti makina ndiwo asanje ana.

"Bambo, yambirani pansi," adatero Falesi. "Mudziwe kaye kuti mzere uliwonse wopingasa ndi mwana mmodzi, dzina ndi malikisi ake, ndipo siziyenera kusiyana. Muphunzire kulemba, kusunga pa disiki ina, kenako kuwonkhetsa. Zosanja zibwere pambuyo."

"Mayi Falesi, ine ndaphunzitsa masamu zaka makumi awiri, lero mundiyambitse a e i o u? Ndionetseni posanjira basi, inu mukaone za tiyi."

Falesi adawaonetsa natuluka. A Zalimba adasankha mzere wotsika wa malikisi wokha n'kudina. Manambala adafola bwinobwino kuyambira 91 mpaka 17, koma maina adatsala pomwe adali, mwa alifabeti monga m'kaundula. Mbatata ya m'munda wa uyu idalowa m'thumba la uyo.

A Zalimba adawerenga zotsatirazo pabwalo m'chisanu cha Julaye, makolo ali pomwepo. Ana asanu oyamba onse adali a Banda. Aphunzitsi adayang'anizana, poti mmodzi mwa asanuwo ankavutika kulemba ngakhale deti. Koma m'zaka zimenezo ndani akadaimirira pagulu n'kunena kuti Banda walephera? Adaomba m'manja.

Dzina lotsiriza lidali la Martina Zalimba, mwana wawo yemwe, amene chiyambire sukulu sadatsikepo pa nambala yachitatu. A Zalimba adatukula pepalalo m'mwamba. "Kompyuta sinama, ndipo sidziwa kuti uyu ndi mwana wa yani." Tsiku lomwelo adamutumiza kwa malume ake ku Kaphuka kukakumba mbatata. Mtsikanayo adalira kuti aonenso mapepala ake, iwo adati asawachititse manyazi kawiri.

Patatha masabata awiri, Falesi adafananiza mndandandawo ndi mapepala olemba pamanja a aphunzitsi.

"Bambo, 91 uja ndi wa Martina. Mudasanja malikisi okha, maina mudawasiya."

A Zalimba adatseka chitseko. "Wina waziona?"

"Palibe."

Mndandanda udali utapita kale ku boma, dzina lawo litasainidwa pansi, ndipo malo khumi aja adali atapatsidwa ana ena. Kukonza kukadatanthauza kuima pabwalo lomwe lija n'kuvomera kuti tcheyamani adaphunzitsidwa ndi wotayipa. Adatenga mapepalawo n'kuwaponya pa mbaula yomwe ankaothera. Ana asanu ndi anayi enawo adapita ndi utsi umenewo, mpaka lero akudziyesa mbuli.

Falesi sadapite ku boma, amadziwa kumene olankhula ankathera. Adangouza mayi ake a Martina potuluka m'tchalitchi.

Pa Khirisimasi a Zalimba adapita ku Kaphuka atanyamula buledi ndi nsalu yatsopano. Martina adagwada patali, manja atang'ambika ndi khasu, osatambasula dzanja kuti alandire.

"Mwafika bwino, bambo? Makina aja kusukulu akadali osanama?"

A Zalimba adaika bulediyo pansi. Funso limodzi kwa Falesi likadawatengera theka la ola, koma kunyada kudawadyera mwana. Safunsa adadya phula.